Chithunzi cha amalume chili ndi mwezi wake

## Tsiku logawa katundu

Amalume atatisiya, tinasonkhana kunyumba kwawo ku Libala, mu Lusaka, kuti tigawe katundu. Nonse mukudziwa mmene zimakhalira. Firiji inapezeka ndi eni ake atatu, wailesi ya kanema aliyense ankaiyang'ana cham'mbali, ndipo nkhani ya mipando inatsala pang'ono kudula chibale. Chinthu chimodzi chokha palibe anachitchula: chithunzi chimene chinkakhala pakhoma pamwamba pa kabati ya mbale, chomwe tonse tinakula tikuchiona. Zonse zitatha, alamu anga anachitsitsa, n'kuchipukuta fumbi ndi mkono wa shati, n'kundipatsa uku akuseka. "Inu okonda za mabuku, tengani ichi. Musadzati tinakumanani."

Ndi chithunzi cha penti wa mafuta, chojambulidwa pa chinsalu chokhomedwa pa timatabwa, m'lifupi mwake chosakwana mita. Mukuoneka chigwa. Kumanzere kuli mtengo waukulu wa mango, pansi pake nyumba zitatu zaudzu ndi nkhokwe ziwiri. Kanjira kakuchoka pabwalo n'kutsetsereka kulowera kudambo, ndipo kuseri kwa dambolo kuli mapiri osanjikizana mpaka kukathera m'mitambo. Munthu mulibe ngakhale mmodzi, mbuzi ziwiri zokha. Pakona ya kumunsi pali dzina lolembedwa mothamanga, losawerengeka, ndi chaka: 1978.

Ndinachipachika pabalaza kwathu ku Chilenje chifukwa pakhoma panali msomali wopanda ntchito. Alendo akabwera ankati "koma kumudziku n'kokongola," ine n'kuvomera, tonse n'kubwerera ku mpira.

## Amama aakulu atsitsa chithunzi

Mu 2024 mvula inadula pakati pa dzinja, chimanga chili pafupi kumasula. Pa 29 Febuluwale pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti chilalacho ndi tsoka la dziko lonse, ndipo boma linati mwa mahekitala 2.2 miliyoni a chimanga amene anabzalidwa, pafupifupi 1 miliyoni anali atapserera. Ife a m'tauni chilala chinatipeza pa mtengo wa ufa ndi pa magetsi. Madzi atatsika ku Kariba, magetsi ankabwera anthu atagona n'kuchokanso tisanadzuke.

Nyengo imeneyo ndiye amama aakulu, akulu awo a mayi anga, mlongo wawo wa malemuwo, anabwera kuchokera ku Katete kudzaonetsa bondo kuchipatala. Kuyenda kunkawavuta, kanema sankayaka, ndiye tsiku lonse ankangokhala pampando pabalaza, mwendo atausanjika pa kasitulu. Tsiku lina ndinaweruka msanga. Cha m'ma 16 koloko dzuwa limalowa pawindo la kumadzulo n'kugwera pakhoma lomwe lija. Ndinawapeza atatukula mutu.

"Iwe, tatsitsa chithunzi cha mlongo wangachi."

Ndinachitsitsa n'kuchitsamiritsa pampando moyang'anana nawo. Anakhala chete kwa nthawi, akuyendetsa chala m'mwamba osakhudza penti. Kenaka anati, "Amene anajambula ichi anagwirapo khasu."

"Mwadziwa bwanji, amama?"

"Aka n'kumapeto kwa Meyi. Suukuona?"

Anayamba kuseri kwa nyumba. Panali timilu tofiirira timene ine ndinkatiyesa zitsamba. "Mikukwe iyi. Adula mapesi, aimika, akudikira chiume." Kenaka nkhokwe. Imodzi inali ndi denga, inayo inali pululu, denga lake lili pansi pambali pake. Nsungwi za yachiwiriyo zinali zoyererapo kusiyana ndi inzake. "Iyi ailuka chaka chomwechi, ndipo akuthiramo. Munthu saluka nkhokwe yachiwiri asanaone kuti munda wabereka." Anandionetsa kuti udzu wa pamtunda wachita chikasu koma tsekera akadali chiimire, sanayambe kumweta ofolerera, ndipo lupsa palibe paliponse. Kudambo kukadali kobiriwira, m'mphepete mwake muli timabwalo takuda totchingidwa ndi mpanda wa udzu: madimba ongotipula kumene. Mango alibe maluwa, alibe zipatso, masamba okhaokha obiriwira modera.

Chimene chinandigwira kwambiri ndi mbuzi. Amama anandiuza kuti ndiyandikire. Kuchokera pakhosi pa mbuzi ya kutsogolo panali kamzere kamodzi kopyapyala kwambiri, kongokhudza ndi nsonga ya bulashi, kokathera pa kachikhomo. "Ikadali pachingwe. Ndiye kuti ena m'mudzimo sanamalize kukolola. Akadamaliza onse, akadazimasula zikadye mapesi."

Ndinafunsa kuti nanga anthu ali kuti, poti pabwalo pali zii.

"Mwezi uno munthu akhale pabwalo? Ali kumunda. Ona mthunzi wa mangowu mmene watalikira, dzuwa lapendeka. Posachedwa atulukira m'kanjiraka ndi madengu pamutu. Utsi ukuonawu ndi wa kamtsikana kamene akasiya kuti katereke nyemba."

Anatsamira kumbuyo, n'kusisita bondo lija. "Chaka chimenechi anadya nsima anthu awa. Kwathu chaka chino nkhokwe sitinaichotse n'denga lomwe."

Sindinayankhe. Kwa zaka zonse zija ndinkaona malo abata, kumene munthu wotopa ndi minibasi za ku City Market angalote kukapumako. Amama anaona mudzi umene uli pakati pa ntchito yaikulu kuposa zonse pachaka, ndipo bata lake ndi la anthu amene akudziwa kuti afika dzinja lina osagula ufa wa m'kapepala.

## "Adadi, izi n'za alendo"

Madzulo ake mwana wanga wachisamba, amene ali ku koleji ndipo chilichonse ali nacho maganizo, anapeza chithunzi chikadali pampando. Nditamufotokozera, anagwedeza mutu.

"Adadi, zithunzi za mtundu uwu amajambulira alendo. Mapiri, tinyumba taudzu, dzuwa. Mulibe njala, mulibe ngongole ya feteleza, mulibe munthu. Ndi Africa imene mzungu amafuna kukapachika kwawo."

Sindingamutsutse zonse. Ojambula oyamba amene anaika dziko lino pa chinsalu ndi penti wa mafuta anali alendo, ndipo ankajambulira anzawo a kwawo. Thomas Baines anafika pa Mosi-oa-Tunya mu 1862, ndipo zithunzi zake za mathithiwo zinasindikizidwa ku London mu 1865 kuti anthu a kumeneko adabwe nazo. Luso analinalo, koma maso amene ankawasangalatsa sanali athu. Ndipo ojambula athu otchuka atadzuka, ambiri anatembenukira kwa anthu. Henry Tayali, amene anabadwa mu 1943 n'kumwalira mu 1987, ataphunzira ku Makerere ndi ku Düsseldorf, amakumbukika ndi zithunzi zodzaza khamu. Chija chotchedwa Destiny, chimene chili m'manja mwa bungwe losunga zojambula la Lechwe Trust, ndi piringupiringu wa anthu ogwira ntchito mumzinda, malo opumira diso mulibe. Pafupi ndi ntchito ngati imeneyo, chigwa ndi mbuzi ziwiri zimaoneka ngati za pa kalendala ya sitolo.

Amama aakulu ankamvetsera. Chingerezi chosakanizacho sanachitsate chonse, koma mfundo ya kusowa kwa anthu anaigwira.

"Mdzukulu wanga," anatero, "mudzi umene anthu angokhala pabwalo masana nthawi yokolola, dziwa kuti kwagwa maliro."

Mnyamatayo anaseka, koma sanagonje, ndipo ine sindinafune kuti agonje. Zimene amanenazo n'zoona pa zithunzi zambiri zimene zimagulitsidwa m'mbali mwa misewu ya Lusaka. Mumapeza chimanga chobiriwira, pambali pake mitengo yoyoyoka masamba ya mu Okutobala, kumwamba dzuwa lofiira la nthawi ya utsi, ndi njovu ikudutsa kuseri kwa nkhokwe. Chaka chonse achiunjika pamodzi, ndiye palibe tsiku lenileni limene likuoneka. Wojambula wa 1978 uja anasankha sabata imodzi ndi ola limodzi, n'kukhulupirika kwa izo mpaka pa chingwe cha mbuzi. Kwa ine kusiyana kwa chithunzi chabwino cha malo ndi chongokongoletsa khoma kwagona pamenepo, ndipo woweruza wake wabwino ndi mlimi.

## Tochi ndi malovu ku Showgrounds

Amama atabwerera ku Katete, ndinayamba kuona kuti chithunzicho chada. Kumwamba kunali kotuwa mwachikasu, ndipo chapamwamba panali timing'alu. Mayi a kunyumba anati achipukute ndi sopo. Ndinawapempha kuti adikire, n'kuchikulunga m'chitenje kupita nacho ku Showgrounds, kumene kuli Henry Tayali Visual Arts Centre, likulu la bungwe la ojambula ndi osema la Visual Arts Council. Kumeneko anandilozera kwa bambo ena achikulire amene akhala akupenta ndi mafuta kuyambira kale.

Atamva za sopo anagwira pakamwa. "Mukanachipha, achimwene. Madzi amalowa m'timing'aluti, chinsalu n'kufufuma, penti n'kuyamba kusupuka. Ena amapaka mafuta ophikira kuti chiwale. Chimawaladi sabata imodzi, kenaka fumbi lonse la Lusaka limadzamatirira pamenepo."

Anatenga kathonje, n'kukakulunga pa kamtengo ka machesi, n'kukanyowetsa ndi malovu awo. Ndinayang'ana kumbali, koma iwo anati akatswiri osamalira zithunzi m'nyumba zazikulu zosungiramo zinthu zakale amachitanso chimodzimodzi, chifukwa malovu amasungunula litsiro osavulaza penti. Anagubuduza kathonjeko pang'onopang'ono pakona ya kumwamba, osakhula. Kanatuluka kabulauni. Pamene kanadutsa panatsala kabwalo kakang'ono ka buluu woyera bwino, thambo la m'masika lenileni. Chikasu chonse chija chinali mwaye wa mbaula ndi nyali ya parafini za kwa amalume, pamodzi ndi vanishi wokalamba.

Kenaka anatseka chitseko, n'kuyatsa tochi ya foni, n'kuiika m'mbali mwa chithunzi kuti kuwala kuzidutsa chopingasa. Chinsalu chimene ndinkachiona chosalala chinasanduka cha zitunda ndi makwawa. Mapiri akutali anali opyapyala moti ulusi wa nsalu unkaonekera. Madenga a nyumba anali ochindikala, opakidwa ndi kampeni, udzu uliwonse uli ndi mpeto wake. M'mphepete, pamene felemu inkabisa, munkaoneka penti wofiirira wamadzimadzi.

"Anayamba ndi ameneyu," anatero. "Amasungunula ndi turpentine, mankhwala amadzimadzi osungunulira penti, n'kulemba chigwa chonse ndi mtundu umodzi, kuti aone pamene pagwe mdima ndi pamene pagwe kuwala. Akatero amadikira. Zili ngati kuzira nyumba: simuthira dothi lachiwiri loyamba lisanagwire."

Anandifotokozera kuti penti ameneyu ndi ufa wa mtundu wosakaniza ndi mafuta a linseed, ofinyidwa ku njere za fulakesi. Sauma chifukwa choti madzi auluka ayi. Mafutawo amakoka okosijeni mumpweya n'kulimba pang'onopang'ono, ndiye pamwamba pamagwira pakapita masiku, koma mkati mwa penti wochindikala mumatenga miyezi. N'chifukwa chake vanishi sapaka miyezi isanu ndi umodzi isanathe. Palinso lamulo lakuti penti wa pamwamba azikhala ndi mafuta ambiri kuposa wa pansi. Mukalakwitsa, wa pamwamba amauma msanga wa pansi akadali kuyenda, n'kung'aluka. Timing'alu ta kumwamba tija anati mwina wojambulayo anafulumira pamenepo, kapena khoma la ku Libala linkatentha ndi dzuwa masana n'kuzizira usiku kwa zaka zambiri.

## Mayi wa m'kanjira

Akuyendetsa tochi ija kutsika ndi kanjira, anaima. "Taonani apa."

Pakati pa kanjirako, pamene kakukhota kulowera kudambo, panali kachitunda kosagwirizana ndi mizere ya dothi. Nditayang'anitsitsa ndinaona mutu, mapewa, ndi chinthu chotambalala pamwamba pa mutuwo. Anali mayi wosenza dengu. Wojambulayo anamuika, kenaka anamufafaniza pomupaka penti wa mtundu wa njira. Bambo aja anati zimenezi zimachitika kawirikawiri, ndipo penti wa mafuta akamakalamba amayamba kuonekera mkati, moti zimene zinakwiriridwa zimadzasuzumira patapita zaka.

Ndinawafunsa chifukwa chimene munthu angachotsere mayi wabwinobwino. Iwo anayankha monga mmisiri: anali wamkulu kwambiri poyerekeza ndi nyumba, ndipo akanakhalapo diso likanangofikira pa iye n'kuima, osapitirira kudambo ndi kumapiri. Atamuchotsa, kanjira kanatsala kotsegula ndipo woonera ndiye amayendamo.

Nditafotokoza kunyumba, mwana wanga anaomba m'manja. "Mwaona adadi? Munthu analimo, anachita kumuchotsa." Nditaimbira foni amama aakulu, anangoti, "Si ndinakuuza kuti ali m'njira?" Aliyense anatenga mayiyo kukhala mboni yake. Ine ndimaona kuti wojambulayo anachotsa thupi la munthu koma ntchito ya manja ake anaisiya paliponse, pa mikukwe, pa nsungwi zatsopano, pa mpanda wa dimba. Amene amajambulira alendo amachita zosiyana: amaika mayi wa dengu pakati penipeni kuti chithunzi chigulike, koma munda umene wachokerako sauganizira.

## Mapiri a buluu

Chinthu china chimene ndaphunzira kuyang'ana ndi mapiri. M'chithunzichi alipo mizere inayi. Oyandikira ndi obiriwira modera ndipo mitengo ikuoneka umodzi umodzi. Otsatira ayamba kutuwa. Achitatu ndi a buluu, achinayi angotsala pang'ono kufanana ndi thambo. Palibe phiri la buluu padziko, tonse tikudziwa. Mpweya umene uli pakati pa diso ndi phiri ndi umene umamwaza kuwala kwa buluu, ndiye phiri likatalikira mpweyawo umachuluka, mtundu wake n'kuphimba wa mitengo. Leonardo da Vinci analemba za zimenezi zaka zoposa 500 zapitazo, koma aliyense amene anakwerapo basi ya kum'mawa anaziona yekha. Mukadutsa Rufunsa, msewu wa Great East ukayamba kukhotakhota kutsikira ku mlatho wa Luangwa, ndiponso mukakwera kupita ku Kacholola, mapiri amaima motero kumene, mzere kuseri kwa mzere.

Penti wa mafuta amaitha ntchito imeneyi chifukwa cha kuchedwa kwake komwe kuja. Pokhala wosauma msanga, wojambula amatha kusakaniza malire a phiri ndi thambo pa chinsalu pomwepo mpaka mzere utafewa. Ndipo apanso munthu wa 1978 sananame. Mu Meyi mvula imakhala itangotsuka mpweya, mapiri amaoneka a buluu woyera. Ikafika Seputembala, moto wa tchire ndi fumbi zimawaphimba ndi chifunga chotuwa, mzere wachinayi uja osaonekanso n'komwe.

Amama amati mapiriwo akufanana ndi a Mphangwe, kwawo ku Katete. Bambo a ku Showgrounds amati ndi cha ku Nyimba, poona nthochi zimene zili m'mphepete mwa dambo. Amalume sanatiuzepo kumene anachigula, ndipo ife sitinawafunse.

## Lamulungu ku Arcades

Chithunzicho chinatsala kwa bambo aja kuti achiyeretse chonse, kathonje ndi kathonje. Pakhoma patakhala popanda kanthu ndinayamba kuzungulira kumene amagulitsa zojambula, ku Kabwata Cultural Village pa Burma Road ndi kumsika wa Lamulungu ku Arcades. Zambiri ndi za penti wa acrylic, amene amauma tiyi asanazizire. Sindikunyoza. Mnyamata wina amene ndinacheza naye ku Arcades anandiuza mosabisa kuti mlendo amene ndege yake inyamuka Lachiwiri sangadikire mafuta aume, ndipo lendi ya ku Kalingalinga nayonso sidikira. Machubu a penti wa mafuta, amene John Goffe Rand anawatulukira mu 1841 n'kupeputsira ojambula ntchito yopenta panja, kuno amachokera kunja ndipo mtengo wake umatsatira dola.

Pa zithunzi zake panali chimodzi cha chigwa. Ndinamufunsa kuti ndi mwezi wanji umenewu. Anandiyang'ana, n'kuyang'ana chithunzi, n'kuseka. "Bwana, funso limeneli sanandifunsepo munthu." Kenaka anayamba kudzitsutsa yekha: udzu ndi wa mu Epulo, koma mtengo uwu wa mu Ogasiti. Anati kwawo ndi ku Petauke ndipo zonsezi amazidziwa bwino, kungoti ogula amafuna zobiriwira ndi dzuwa lofiira pa chinsalu chimodzi.

Ndinamufunsa ngati angandijambulire chigwa cha kwawo ndi penti wa mafuta, koma cha mu Okutobala: lupsa lakuda, dambo louma long'ambika, mitengo ya mombo itatulutsa masamba ofiira mvula isanagwe, mizere itapangidwa kale kudikira mbewu. Anati chimenecho palibe mlendo angachigule, ndiye ndikachikana chidzamutsalira; ndiyambe ndapereka theka. Tinakangana pang'ono za mtengo. Pomaliza anatsitsako yekha, ati chifukwa Okutobala safuna mitundu yodula: penti wa bulauni ndi wachikasu chadothi amapangidwa ndi dothi lenileni, ndipo m'sitolo ndiwo otsika mtengo kuposa onse. Anandilembera nambala kuseri kwa katoni n'kundichenjeza kuti ndisamuvutitse ndi mafoni miyezi itatu isanakwane.